Mmisiri amene sanathamangire kupotokola singano: ndemanga pa ntchito yokonza injini ya kandege yomwe inkangozima

Ndemanga iyi ndi ya ntchito ya bambo wina wokonza injini za tindege toyendetsedwa ndi rimoti, amene ndinawapatsa injini yanga itandisowetsa mtendere kwa miyezi itatu. Injiniyo ndi ya mtundu wa glow (yoyatsa mafuta ndi pulagi yokhala ndi kawaya kofiira ndi kutentha), ya two-stroke (yophulitsa kamodzi pa kuzungulira kulikonse), ya saizi ya .46, komwe kuli pafupifupi 7.5 cc, ndipo ili pa kandege kophunzirira kamene mapiko ake ndi otalika mamita 1.6. Inkalira mosavuta, inkakoka bwino ponyamuka, koma inkazima yokha mwadzidzidzi, ndipo kazimidwe kake kanali ka mitundu iwiri. Nthawi zina inkazima kandege kali m'mwamba, patapita mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi chinyamukireni, makamaka ndikakakweza mphuno kuti kakwere. Nthawi zina inkazima ndikamatsika kudzatera, pamene ndachepetsa moto kwa kanthawi kenako n'kuwonjezera kuti ndifike pabwalo. Kandege kophunzirira kamatha kuyandama ndi mapiko okha n'kutera injini itazima, koma si nthawi zonse pamene bwalo limakhala pafupi, ndipo kawiri konse ndinakatola m'tchire miyendo yake itapindika.

Ndisanapite kwa bambowa ndinali nditachita zimene ambiri timachita. Ndinasintha pulagi katatu. Ndinapotokola uku ndi uku singano yaikulu ya pa kabuleta, imene imagawa mafuta pa moto wonse, kenako ndinayamba kugwiragwira singano yaing'ono, imene imawagawa pa moto wochepa, mpaka ndinaiwala pamene zonse ziwiri zinali poyamba. Tsiku lina injini inkaoneka ngati yachira, tsiku lotsatira n'kuyambiranso, ndipo kusinthasintha kumeneku n'kumene kunandichititsa kuganiza kuti yatha ntchito ndipo ndingogula ina.

Chimene chinandigwira mtima pa tsiku loyamba n'chakuti bambowa sanatenge chida chilichonse m'manja kufikira atamaliza kundifunsa mafunso. Anayang'ana kandegeko kali patebulo, n'kunena kuti: "Achimwene, musandiuze kuti imazima, chifukwa zimenezo ndikudziwa kale. Mundiuze nthawi imene imazima, mmene imamvekera isanazime, ndiponso kuchuluka kwa mafuta amene mumawapeza m'thanki mukakatola kandege." Funso lomalizali ndinali ndisanadzifunsepo. Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti nthawi zonse injini ikazimira m'mwamba, thanki inkakhala ndi mafuta pafupifupi theka. Anafunsanso ngati imayamba yalira mokweza ndi mouma isanazime, kapena imachita ngati ikutsokomola n'kumalavula utsi wambiri. Ndinayankha kuti m'mwamba inkakweza mawu kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kenako zii, koma potera inkachita kubwebweta kaye. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti: "Ndiye kuti mwabweretsa matenda awiri, osati amodzi, ndipo tiwatenga limodzilimodzi."

Apa m'pamene pagona ubwino waukulu wa ntchito yawo. Injini ya glow ilibe zinthu zambiri. Kuti ipitirize kulira imafuna mafuta obwera mosadukiza, mpweya wolowera pa kabuleta pokha osati pena paliponse, ndi kawaya ka m'pulagi kosazirala. Ikazima, chimodzi mwa zitatuzi chasokonekera, ndipo nthawi imene yazimira pamodzi ndi kamvekedwe kake zimaloza kumene kuli vuto. Injini imene mafuta akuichepera imayamba yathamanga ndi kulira mouma, kenako imazima mwachangu ili yotentha kwambiri. Imene mafuta aichulukira imalemera, imatulutsa utsi wochuluka ndi madontho ku ekizozi, ndipo imafa pang'onopang'ono chifukwa mafuta osapsa akuziziritsa pulagi. Munthu amene sanamvetsere zimenezi amathamangira ku singano chifukwa ndiyo ili poonekera ndiponso yosavuta kugwira, koma singano imangogawa mafuta amene afika pa kabuleta, siingabweretse mafuta amene sanafike.

Ntchito yeniyeni inayamba ndi kulekanitsa injini ndi kandege. Anaimasula n'kuimanga pa thabwa loyeserapo injini, lomwe lili ndi thanki yakeyake, timapaipi tatsopano ndi mafuta amene iwo amawadalira. Anaikapo pulopela yangayo ya saizi ya 11x6, ataiyeza kaye kuti aone ngati mbali zake ziwiri zikulemera mofanana. Pa moto wonse injiniyo inamaliza thanki yathunthu osadodoma ngakhale kamodzi, ndipo anaibwereza kachiwiri kuti asakhale ndi chikaiko. Pa moto wochepa ndiye inkavutabe. Ndi kuyesa kumodzi kumeneku anadziwa kuti matenda a m'mwamba aja ali m'kandege, pomwe matenda a potera ali mu injini. Ndikuona kuti aliyense wokonza injini zotere amene alibe thabwa loyeserapo akugwira ntchito mongopenekera, ndipo ngakhale mwini kandege angachite bwino kukhala nalo, chifukwa limadula pakati chiwerengero cha malo ofunika kufufuza.

Kenako anatulutsa thanki, imene ine ndinali ndisanaitulutsepo chiiikireni. Ndi thanki ya pulasitiki ya mamililita pafupifupi 270, yotsekedwa ndi chivindikiro cha labala chimene timapaipi ta mkuwa timadutsamo. M'kati mwake muli kapaipi kofewa ka silikoni, ndipo kumapeto kwake kuli kachitsulo kolemera kamene ouluka amakatcha clunk, kamene ntchito yake ndi kugwera kulikonse kumene mafuta apita, kaya kandege kapendekeka kapena kagadama. Atasolola zonsezi, kapaipi kaja kankaoneka kabwinobwino ndipo ine ndikanakabwezeramo. Iwo anatseka kumapeto ndi chala, anakamiza m'kapu ya madzi, n'kupopera mpweya ndi sirinji kuchokera mbali inayo. Timathovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka mondondozana pamalo amodzi, pomwe silikoni imavala kapaipi ka mkuwa. Atakapinda pang'ono ndi zala, kang'alu kanatseguka ngati kakamwa, kosaposa mamilimita awiri. Anandionetsa kuti m'mphepete mwa kapaipi ka mkuwako munali mwakuthwa chifukwa sikanasalazidwe katadulidwa, ndipo kachitsulo kaja kakamagwedezeka ndi kunjenjemera kwa injini, silikoni inkadyeka pamenepo pang'onopang'ono.

Kang'alu kameneka kanafotokoza zonse zimene zinkandizunguza mutu. Malo amene kanali ndi pafupi ndi pakati pa msinkhu wa thanki, kutsogolo. Thanki ikadzaza, kang'aluko kankakhala komira m'mafuta, choncho kankayamwa mafuta omwewo ndipo palibe chimene chinkaoneka cholakwika. N'chifukwa chake injini inkayenda bwino pansi, pomwe nthawi zonse ndinkaiyesa thanki ili yodzaza. Mafuta akatsika kufika theka, kapena ndikakweza mphuno ya kandege mafuta n'kuthamangira kumbuyo kwa thanki, kang'aluko kankakhala pamtunda n'kuyamba kuyamwa mpweya. Thovu la mpweya likafika pa kabuleta, injini inkauma, kukweza mawu, n'kuzima. Kandege kakatera mafuta n'kukhazikika, injini inkaliranso ngati palibe chinachitika. Palibe pulagi kapena kapotokoledwe ka singano kamene kakanachiza zimenezi.

Sanalekere pomwepo, ndipo ndikuwayamikira kuti atapeza chifukwa chimodzi sanaganize kuti amaliza. Anasalaza timapaipi tonse ta mkuwa, anaika silikoni yatsopano, n'kuidula mwakuti kachitsulo kaja kasamakhudze khoma lakumbuyo kwa thanki, popeza kakagunda khomalo kamatha kudzitseka pakamwa. Anagwedeza thanki mozondotsa kuti amve ngati kakugwa momasuka mbali zonse, ndipo anandichenjeza kuti kandege kakatera mogunda mphuno, kachitsuloka kamatha kulumphira kutsogolo n'kukakamira komweko kapaipi katapindika, zomwe zimabweretsa matenda ofanana ndi angawa. Anayang'ananso kapaipi kochokera ku ekizozi, kamene kamalowetsa mpweya m'thanki kuti uzikankha mafuta, ndipo kabowo kake pa ekizozi anakapeza katachepa ndi oyilo wouma, n'kukatsegula ndi kawaya. Thanki yanga inali itapanikizidwa mwachindunji ku matabwa a kandege, choncho kunjenjemera konse kwa injini kunkafika m'mafuta n'kumawachititsa thovu. Anaikulunga ndi siponji yofewa mbali zonse. Pomaliza anayeza msinkhu wake kuti pakati pa thanki palingane ndi pamene singano imalowera mu kabuleta, kapena patsikire pang'ono chabe, chifukwa thanki yokwera kwambiri imamiza injini ndi mafuta, pomwe yotsika kwambiri imaiumitsa mafuta akamatha.

Matenda achiwiri anatenga nthawi yaitali. Anayamba ndi kuzunguza pulopela ndi dzanja injini ili yozizira, batire ya pulagi ili kutali, kuti amve mphamvu ya kompuresheni. Injini yangayi ilibe ring'i pa pisitoni. Ndi ya mtundu umene silinda yake imapanikiza pang'ono kumtunda, kotero kuti pisitoni imachita ngati yagwira ikafika pamwamba injini ikazizira, ndipo kugwira kumeneko anakumva kuti kudakalipo. Anamangitsa mabawuti a mutu wa injini ndi a chivindikiro chakumbuyo, onse anali bwino. Atazula kabuleta anapeza kuti kalabala kozungulira kamene kamatseka pansi pake kauma n'kuphwatalala, ndipo atakapinda kanathetheka. Anafotokoza kuti mu injini ya two-stroke mafuta ndi mpweya zimayamba zadutsa m'mimba mwa injini zisanakwere ku silinda, choncho kabowo kalikonse m'njira imeneyi kamalowetsa mpweya wosayezedwa. Pa moto wonse kabuleta imakhala yotsegula kwambiri ndipo mpweya wakubawo suoneka. Pa moto wochepa khomo la kabuleta limatsala kang'alu chabe, ndiye mpweya wolowera pambali umakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Ine poona injini ikuuma pa moto wochepa ndinali nditatsegula kwambiri singano yaing'ono, ndipo zotsatira zake zinali zakuti mafuta ankaunjikana m'mimba mwa injini ndikamatsika kwa nthawi yaitali, kenako ndikawonjezera moto onsewo ankathamangira ku silinda nthawi imodzi n'kuzimitsa pulagi. Kubwebweta kumene ndinkamva potera kunali kumeneko.

Za pulagi anandiphunzitsa zambiri m'mphindi zochepa. Pulagi ya glow, imene Ray Arden wa ku America anaitulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, siithetheka moto ngati pulagi ya galimoto. M'kati mwake muli kawaya kopotana kopangidwa ndi platinum yosakaniza ndi zitsulo zina. Poliza injini timakayatsa ndi batire ya mavoti 1.2 mpaka 1.5, koma batire ikachotsedwa kawayako kamapitiriza kuyaka chifukwa cha kutentha kwa m'silinda ndiponso chifukwa platinum ikakumana ndi nthunzi ya methanol, yomwe ndi gawo lalikulu la mafuta a injinizi, imadzitenthetsa yokha. Ndiye kuti kawaya kamene kakuyaka bwino pa batire si umboni wakuti pulagi ndi yabwino, popeza khungu la platinum likaipitsidwa, mphamvu yodzitenthetsa ija imachepa ngakhale kawaya sikanaduke. Anandipatsa galasi lokuzira zinthu kuti ndione pulagi imene inali pa injini. Kawaya kake sikanali konyezimira koma kotuwa ngati kawazidwa phulusa, ndipo kanali katapendekera mbali imodzi, zizindikiro za injini imene yakhala ikutentha mopyola chifukwa cha kuuma kwa m'mwamba kuja. Motero vuto la m'thanki ndi limene linkapha mapulagi amene ndinkagula, ndipo pulagi yofooka inkakulitsa vuto la potera.

Njira yawo yoyesera pulagi ndi yoti aliyense angaichite. Injini ikamalira pa moto wochepa, amachotsa batire n'kumvetsera. Liwiro likatsika kwambiri kapena injini ikazima, ndiye kuti pulagi yafooka, kapena ndi yozizira kwambiri poyerekeza ndi mafuta amene akugwiritsidwa ntchito, kapena mafuta achuluka pa singano yaing'ono. Liwiro likangotsika pang'ono chabe kapena osasintha n'komwe, zinthu zili bwino. Mapulagi amasiyana kutentha, ndipo mafuta okhala ndi nitromethane (mankhwala owonjezera mphamvu ya injini) wochepa amafuna pulagi yotentherapo, pomwe a nitromethane wambiri amafuna yozizirirapo. Pa injini yanga anaika O.S. No. 8, pulagi yapakatikati imene ouluka ambiri amaidalira pa injini za two-stroke za saizi imeneyi, ndipo anakumbutsa kuti injini za four-stroke zimafuna pulagi yakeyake, monga O.S. Type F, chifukwa zimaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri ndipo kawaya kamayenera kusunga kutentha nthawi yaitali.

Mafuta anga nawonso anawakana. Anali a nitromethane 10 peresenti ndi oyilo 18 peresenti, zomwe n'zoyenera, koma chigubu chinali chitatsegulidwa kupitirira chaka ndipo nthawi zambiri ndinkachisiya chosatseka bwino pabwalo. Methanol imakoka madzi kuchokera mumpweya, ndipo mafuta olowa madzi amayamba kuonetsa vuto pa moto wochepa, pomwe kutentha kwa m'silinda n'kochepa kale. Anandilangiza kuti chigubu chizikhala chotseka nthawi zonse, pamthunzi, ndipo mafuta otsala m'thanki azipopedwa ntchito ikatha.

Zonsezi zitatha m'pamene anakhudza singano, injini itabwerera pa kandege. Anabweza singano zonse ziwiri pamene buku la injiniyo limanena kuti ndi poyambira, analiza injini, n'kuisiya itenthe. Pa moto wonse anatseka singano yaikulu pang'onopang'ono, kudikira masekondi angapo pa kudina kulikonse kuti injini iyankhe, kufikira kachipangizo koyezera liwiro kanasonyeza kuti yafika pachimake, kenako anaitsegulanso kuti liwiro la kuzungulira kwake litsike ndi maulendo pafupifupi 300 pa mphindi. Ndinafunsa chifukwa chotayira mphamvu imene tinali titaipeza. Anayankha kuti: "Achimwene, m'mwamba pulopela imapepukidwa ndipo injini imathamanga kuposa pansi pano, mafutanso akamatha m'thanki amavuta kukoka. Mukaisiya pachimake muli pansi, ikakwera ikauma. Kumbukiraninso kuti oyilo wa injini imeneyi ali m'mafuta momwemo, ndiye mukaimana mafuta mwaimananso oyilo." Kenako anandiuza kuti ndinyamule kandege ndi manja awiri, ndiloze mphuno kumwamba injini ili pa moto wonse, ndikhale choncho masekondi khumi. Liwiro linakwera pang'ono n'kukhazikika. Likanafooka, akanatsegulanso singano. Kuyesa kumeneku anakubwereza thanki ili ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta, chinthu chimene ine ndikanachita miyezi itatu m'mbuyomo ndikanagwira vuto la kapaipi lija ndili pansi.

Singano yaing'ono anaikonza ndi njira yotsina kapaipi. Injini ikulira pa moto wochepa, amatsina kapaipi kamafuta pafupi ndi kabuleta n'kuwerenga. Ikazima pomwepo osakweza liwiro, mafuta achepa. Ikapitiriza kulira nthawi yaitali liwiro likukwererakwerera, mafuta achuluka. Chofunika n'chakuti ikweze liwiro pang'ono n'kuyamba kufa patapita masekondi atatu kapena anayi. Singano imeneyi ankaisuntha pang'ono kwambiri, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira kumodzi, ndipo ankazimitsa kaye injini asanalowetse sikuludiraiva chifukwa malowo ali pafupi ndi pulopela. Atakhutira anaisiya ilire pa moto wochepa kwa masekondi 30, monga zimakhalira potsika kudzatera, kenako anakankha moto wonse mwachangu. Kawiri koyamba inadodoma ndi kulavula utsi, n'kutsekanso singano pang'ono. Kachitatu inayankha nthawi yomweyo. Inakhazikika pa maulendo pafupifupi 2,700 pa mphindi, liwiro limene silikoka kandege pabwalo komanso silili pafupi ndi kuzima. Atamaliza anabwereranso ku singano yaikulu, popeza ziwirizi zimakhudzana.

Anayang'ananso kawaya kochokera ku servo (kamakina kamene kamatsegula ndi kutseka kabuleta motsatira rimoti) kupita ku kabuleta, kuti atsimikize kuti sikakugwedera ndiponso kuti ndodo ya moto pa rimoti ikatsitsidwa mpaka pansi, khomo la kabuleta silikutsekeratu. Apa panalibe vuto, ndipo sanataye nthawi.

Kusamala kwawo ndi pulopela n'koyenera kutchulidwa, chifukwa ntchito yofufuza injini yozimazima imachititsa munthu kuiliza kambirimbiri, ndipo akatopa amayamba kuiwala zala zake. Nthawi zonse kandege kankakhala komangidwa kapena kogwiridwa ndi munthu wachiwiri, singano ankaigwira ataima kumbuyo kwa pulopela, ndipo sankalola aliyense kuima molunjika ndi mbali zake. Injini ikamira ndi mafuta sankaikakamiza ndi sitata yamagetsi. Ankachotsa pulagi, kuzunguza kuti mafuta atuluke, n'kubwezeretsa, chifukwa mafuta odzaza m'silinda sapanikizika ndipo kukakamiza kungapinde ndodo ya pisitoni.

Panali chinthu chimodzi chimene anachipeza chosakhudzana ndi kuzima, ndipo mmene anachinenera zinandisonyeza kukhulupirika kwawo. Pozunguza injini pulagi itachotsedwa ankamva kukhakhala pang'ono, ndipo atatsegula kumbuyo anaona madontho a dzimbiri pa beringi yakumbuyo. Anandiuza mosabisa kuti beringiyo si imene ikuzimitsa injini panopa, koma ikayamba kusweka tizidutswa take timakwera ku silinda n'kukanda pisitoni ndi kuwononga pulagi, ndipo anandisiyira ine kusankha. Ndinavomera kuti asinthe zonse ziwiri. Dzimbirilo limabwera chifukwa cha mafuta otsalira m'mimba mwa injini, amene amakoka chinyezi, choncho anandiuza kuti pa ulendo womaliza wa tsiku ndizichotsa kapaipi kamafuta injini ikulira kuti imalize yokha zotsala, kenako ndizithira madontho angapo a oyilo wotetezera pa kabuleta n'kuzunguza.

Zofooka za ntchitoyi ziliponso ndipo sindingazibise. Choyamba ndi nthawi. Anandilonjeza sabata imodzi koma zinatenga masabata atatu, ndipo kuti ndidziwe pamene ntchito yafika ndinkachita kufunsa ndekha. Kuchedwa kwina kunali koyembekezera maberingi, zomwe n'zomveka, koma akanatha kundiuza. Chachiwiri n'chakuti salemba chilichonse. Zonse zimene ndafotokoza pamwambapa ndinazimva pakamwa chifukwa ndinalipo pa masiku awiri oyesa, ndipo munthu amene angangosiya injini n'kudzaitenga angabwerere ndi injini yabwino koma osadziwa chimene chinalakwika, n'kukabwereza zolakwa zomwezo. Kapepala kakang'ono konena zimene zasinthidwa, malo amene singano zasiyidwa, pulagi ndi pulopela zimene zinayesedwa, kangawonjezere kwambiri phindu la ntchito yawo. Chachitatu n'chakuti pa matenda achiwiri aja anasiya njira yawo yabwino yosintha chinthu chimodzi pa nthawi. Kalabala ka kabuleta, pulagi ndi mafuta anazisintha pamodzi asanalizenso injini. Zinafulumizitsa ntchito, koma zinatitayitsa mwayi woona kuti chilichonse mwa zitatuzo chinali ndi gawo lalikulu bwanji, ndipo kwa munthu wofuna kuphunzira, mwayi umenewo ndi wamtengo wapatali.

Tinasiyananso maganizo pa nkhani ya kabatire koyenda ndi kandege kamene kamayatsa pulagi moto ukatsika. Ndinawapempha kuti andiikire kuti mtima wanga ukhale m'malo, ndipo anakana ndithu. Anati: "Chimenecho n'chophimba chilonda. Injini ya two-stroke yoimirira bwino ikafuna batire kuti isazime, ndiye kuti ili ndi vuto limene simunalipeze." Pa injini yanga ndikuvomereza kuti ananena zoona, chifukwa ndikanaika kabatireko poyamba, kuzima kwa potera kukanachepa ndipo kalabala kouma kaja kakanakhalabe pomwepo, pomwe kang'alu ka m'thanki sikakanachira n'komwe. Koma ndikuona kuti amakana chipangizochi mopitirira. Pa injini ya four-stroke yomangidwa chozondoka, pomwe mafuta ndi oyilo zimatsikira pa pulagi, kapena pa kandege ka injini ziwiri pomwe kuzima kwa imodzi kumapotoza kandege mwadzidzidzi, kabatireko ndi chitetezo chanzeru ngakhale zonse zitakonzedwa bwino.

Chibwerereni injiniyo ndaulutsa kandegeka maulendo 23, ena mpaka thanki kutsala pang'ono kuuma, ndipo siinazimepo ndisanaizimitse ndekha. Ndikamatsika ndimatha kukhala pa moto wochepa kuchokera kutali, ndipo ndikafuna kubwereranso m'mwamba imayankha popanda kudodoma. Singano yaikulu ndimaisuntha kudina kumodzi kapena kuwiri malinga ndi nyengo, kuitsegula pang'ono kukazizira popeza mpweya wozizira ndi wothinana ndipo umafuna mafuta ochulukirapo, koma singano yaing'ono sindinaikhudzenso. Pa ulendo wa 20 ndinachotsa pulagi kuti ndiione ndi galasi, ndipo kawaya kake kanali kakadali konyezimira ndi koongoka pakati.

Amene angapindule kwambiri ndi mmisiri wa mtundu umenewu ndi munthu amene wasintha kale pulagi, wasokoneza singano, ndipo injini ikuzimabe mosadziwika bwino. Woteroyo apite ndi kandege konse, osati injini yokha, chifukwa theka la vuto langa linali m'thanki ndipo likanatsala kunyumba. Atengenso mafuta ake, pulopela yake, batire yake yoyatsira pulagi ndi mapulagi akale amene anawachotsa, popeza maonekedwe a kawaya kakale amanena mmene injini inkayendera. Apemphe kudzakhalapo pa tsiku loyesa ndipo abwere ndi polembera. Ndipo asanapite, ulendo wina injini ikadzazimira m'mwamba, asathamangire kudzaza thanki: ayambe waona kuti mafuta atsala pati, aone ngati m'kapaipi kopita ku kabuleta muli timathovu, ayandikize dzanja pa mutu wa injini kuti amve kutentha kwake, n'kulemba mphindi zimene kandege kanatha m'mwamba.